Ndani Aweruza Mlandu wa Utsi?

Ndilankhula ndi inu a pa boma pa Chongwe, a ku Chalimbana, a ku Kasisi ndi a ku Kanakantapa, ndiponso inu amene muli pa ulendo mu msewu waukulu wa kum'mawa. Tipereka ulemu kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, amene akhala pa mpando wa Asoli chiyambire 1971, ndi kwa nduna zawo pamodzi ndi eni midzi onse. Nkhani yathu lero ndi ya mpweya umene tipuma, ndi ya iwo amene boma linawaika kuti auyang'anire.

Pa bwalo la mfumu mlandu uliwonse umafuna wodandaula, woimbidwa mlandu ndi umboni. Ng'ombe ikalowa m'munda mwa mnansi usiku, m'mawa mapazi ake amakhala ali pomwepo, ndipo akulu akawalondola amakafika pa khola la mwini wake. Munthu akasuntha malire, chulu ndi mkuyu zimene makolo anapanganirapo zimamutsutsa pamaso pa onse. Koma utsi, ungakhale utatsamwitsa mwana usiku wonse ndi kusiya nkhalamba ikutsokomola kufikira tambala woyamba, pakucha umakhala utapita wosasiya phazi, ndipo amene wavulala nawo sangathe kuutunga m'chikho kuti akauonetse kwa woweruza. Chifukwa cha ichi maiko anaona kuti mlandu wa mpweya ufuna woweruza wa mtundu wina, wokhala ndi miyeso ndi zipangizo, amene angathe kuugwira utsi usanathawe, kuulemba m'buku ndi kunena kuti watuluka pa khomo la yani.

Tiyambe ndi chimene chimayezedwacho. Munthu wamkulu amakoka mpweya wopitirira malita 10,000 pa tsiku limodzi, ali maso kapena ali m'tulo, ndipo pamene madzi akuda akhoza kuwakana ndi nsima yosasa akhoza kuitaya, mpweya wa pamalo pamene wakhala alibe mphamvu yakuusankha. Mu utsi wa nkhuni, wa makala, wa dizilo ndi wa udzu wopsa muli tinthu tating'ono koposa, timene ophunzira amatitcha PM2.5, toonda kuposa tsitsi la munthu pafupifupi ka 30. Fumbi lalikulu la mumsewu limakodwa m'mphuno ndi pakhosi, ndipo thupi limalitulutsa ndi mamina ndi makhololo. Koma tinthu iti timatsika kufikira pansi penipeni pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi, ndipo timautsa mphumu, timabala chibayo mwa ana, ndi nthenda ya mtima ndi kufa ziwalo mwa akulu pakupita kwa zaka. Palinso mipweya yosaoneka ndi maso: wa sulufule, wotuluka m'ng'anjo zosungunulira mkuwa, umene umaluma m'maso ndi kumanga chifuwa, ndi wa kaboni monokisaidi, wopanda fungo, umene umatuluka pa makala oyaka. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, limawerengera kuti anthu pafupifupi 7 miliyoni amafa nthawi yawo isanakwane chaka ndi chaka chifukwa cha mpweya woipa, wa panja ndi wa m'nyumba pamodzi. Ndipo mu 2021 linatsitsa muyeso wake, n'kunena kuti tinthu ta PM2.5 tisapitirire mamaikulogalamu 5 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya poyeza chaka chathunthu, kapena 15 poyeza tsiku limodzi.

M'dziko lino la Zambia woweruza uja anabadwa mochedwa, migodi itafuka kale zaka zoposa makumi asanu. Mu 1990 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza chilengedwe ndi kuletsa kuchidetsa, ndipo mwa lamulo limenelo munatuluka bungwe la Environmental Council of Zambia, limene linayamba ntchito mu 1992. Malamulo aang'ono a za mpweya, oika malire a utsi wa m'mafakitale, anatsatira mu 1996. Kenaka mu 2011 panadza lamulo latsopano, la nambala 12 la chaka chimenecho, limene linasintha dzina la bungwelo kukhala Zambia Environmental Management Agency, kapena ZEMA monga tonse tizolowera kutchula, ndi kulikulitsira mphamvu. Likulu lake lili ku Lusaka, mtunda wa makilomita ngati 45 kuchokera pa boma pathu pano, ndipo lili ndi maofesi a m'zigawo, monga ku Ndola koyang'anira dera la migodi, ku Livingstone ndi ku Chipata. Lamulo la 2011 lili ndi mawu amodzi amene ndifuna muwasunge, pakuti ambiri a ife sitinawamvepo: limati munthu aliyense wokhala m'Zambia ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, osaopsa ndi opatsa thanzi, ndipo ufulu umenewo ukaopsezedwa akhoza kupita nawo ku khoti.

Chida chachikulu cha ZEMA ndi chiphaso. Malinga ndi malamulo a za ziphaso a 2013, palibe fakitale, ng'anjo, kapena malo ophwanyira miyala amene aloledwa kutulutsa zoipa mumlengalenga popanda laisensi, ndipo m'laisensimo mumalembedwa mlingo umene mwini ntchitoyo sayenera kuupyola. Miyeso yake ili pawiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukumvetsa. Woyamba ndi wa pakamwa pa chumuni: amisiri amakwera makwerero kufikira pa kabowo kamene kanasiyidwa dala m'mbali mwa chumuniyo, amalowetsamo chitsulo chobowoka, amakoka utsi kupyolera m'kapepala kosefera kamene anakayeza kulemera kasanagwire ntchito, ndipo akakayezanso pambuyo pake amadziwa fumbi limene fakitaleyo ikutaya. Wachiwiri ndi wa mpweya wa kumene anthu akhala, pa sukulu, pa chipatala, pa msika. Wina angafunse kuti, woyambawo sukwanira kodi? Sukwanira ayi; pakuti mafakitale khumi atamangidwa m'dambo limodzi, lililonse lili kusunga muyeso wa chumuni yake mokhulupirika, utsi wawo ukasonkhana ukhoza kupsinja mudzi woyandikana nawo, wopanda mmodzi yemwe mwa eni akewo wolakwira chiphaso chake.

Mwini chiphaso ali ndi udindo woyeza utsi wake ndi kutumiza zotsatira ku ZEMA pa nthawi zoikika, ndipo oyendera a bungweli ali ndi mphamvu yolowa pa malo ake, kuona mabuku ake ndi kutengako zoti akayeze okha. Akapeza cholakwa akhoza kulamula kuti chikonzedwe pofika tsiku lakuti, kuti ntchito iyambe yaima, kapena kuti malo oonongeka abwezeretsedwe ndi ndalama za wowonongayo, pakuti maziko a lamulo lonseli ndi akuti wodetsa ndiye alipire. Ndipo wouma khosi akhoza kulandidwa chiphaso kapena kutengedwa ku khoti. Pano ndinene maganizo anga poyera. Dongosolo limene woyezedwa ndiye amabweretsa miyeso yake lili ndi polowera mbala, ndipo limayenda bwino pokhapo pamene oyendera ali okwanira, galimoto yawo ili ndi mafuta, ndipo amafika pa chipata osalengeza. Dziko lathu ndi lalikulu, ndipo bungwe lomweli ndilo liyang'aniranso madzi a m'mitsinje, mankhwala a m'munda, zinyalala zoopsa ndi phokoso.

Pali mphamvu ina ya ZEMA imene kwa ife a kuno iposa zonsezi, chifukwa imagwira ntchito njerwa yoyamba isanaikidwe. Chiyambire 1997, aliyense wofuna kuyamba ntchito yaikulu, kaya ndi mgodi, kwale ya miyala, fakitale kapena msewu, ayenera kuyamba wafufuza ndi kulemba mmene ntchitoyo idzakhudzira nthaka, madzi, mpweya ndi anthu. Ndipo pa ntchito zikuluzikulu ayenera kukumana ndi anthu a m'deralo, kumva nkhawa zawo ndi kuzilemba m'lipoti limene ZEMA imaliwerenga isanavomereze kapena kukana. Inu nonse mwaona ndi maso mmene mzinda wa Lusaka ukukwawira chakuno, kudutsa pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda limene lili m'boma lathu lomwe lino, ndi mmene minda ya makolo ikusandukira mapuloti, makola a nkhuku ndi malo oumbira mabuloko. Tsono mukamva kuti kwaitanidwa msonkhano wotere, musati ndi za anthu ophunzira, ndiponso musapite kukangofunsa za ntchito ya ana anu, ngakhale funso limenelo ndi loyenera. Kafunseni kuti chumuni idzaima mbali iti ya mudzi, ndi kuti mphepo ya chilimwe idzapita nalo kuti fumbi. Kafunseni ngati msewu wa malole udzathiridwa madzi kapena phula, ngati makina ophwanya miyala adzakhala ovundikirika, ngati padzakhala matumba osefera fumbi, ndi kuti ndani adzayeza, kangati pa chaka, ndipo zotsatira zake mudzaziona kuti. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo zimene zalembedwa m'kalata yachilolezo ndizo zimene mudzagwirire mawa.

Kuti tione mphamvu ndi kufooka kwa woweruzayu pamodzi, tiyeni tipite ku Mufulira. Ng'anjo ya mkuwa ya kumeneko inayatsidwa mu 1937, ndipo kwa zaka zambirimbiri mpweya wa sulufule, umene eni dera amautcha senta, unali kutsikira pa komboni ya Kankoyo, kudya malata a nyumba, kupsereza ndiwo za m'dimba ndi kutsamwitsa ana. Pamene migodi inagulitsidwa mu 2000, mapangano a nthawi imeneyo anapatsa ogulawo nyengo yakuti akonze ng'anjo zawo pang'onopang'ono, kotero kuti malire olembedwa m'malamulo analipo, koma utsi unapitirira kuwalumpha. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mkhate wa Zambia ndi mkuwa: boma lililonse limaopa kuti likamenya kolimba lidzaswa chimene dziko lonse limweramo. Komabe mu 2012, anthu a ku Butondo atadandaula kosaleka za nkhungu ya asidi yochokera pa mulu wa miyala imene kampani ya Mopani inali kuithira asidi kuti itulutse mkuwa, ZEMA inaimitsa ntchito imeneyo kufikira zofunika zitakonzedwa. Ndipo mu 2014 kampaniyo inatsiriza makina ogwira mpweya wa sulufule ndi kuusandutsa asidi wogulitsa, n'kulengeza kuti tsopano ikugwira magawo 97 pa 100 alionse.

Koma makinawo anachedwera munthu mmodzi amene dziko lonse linamva dzina lake. Usiku wa pa 31 Disembala 2013, mayi Beatrice Mithi, amene anali DC, mkulu wa boma la Mufulira, anakomoka ali pa mapemphero olowera chaka chatsopano atapuma senta, ndipo anamwalira. Banja lawo linasuma, Khoti Lalikulu linagamula mu 2016 kuti kampaniyo ili ndi mlandu, ndipo mu 2020 khoti la Supreme, limene palibe lina pamwamba pake, linavomereza chigamulocho ndi kukweza chipukuta misozi kufika pa K1 miliyoni. Mlandu suola ndithu. Chimene chinapambanitsa mlanduwo chinali umboni wa madokotala ndi miyeso yolembedwa, yosonyeza kuti utsi unapyola malire. Ndipo ine ndidzifunsa kuti ndi angati a ku Kankoyo, opanda udindo ndi dzina, amene anatsikira kumanda ndi chifuwa chomwecho popanda wowalembera.

Pamene gwero la choipa lili limodzi, lamulo limathamanga. Kale petulo ankathiridwa mtovu, umene umaononga ubongo wa ana, ndipo galimoto iliyonse inali kuumwaza m'misewu. Koma popeza mafuta amalowa m'dziko pa zipata zowerengeka, maiko a kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara atapangana anatha kuuchotsa pofika kuchiyambi kwa 2006, woyendetsa galimoto osasintha kanthu pa khalidwe lake. Ku Kabwe zinthu sizinatero, pakuti kumeneko mtovu unamwazika kale m'nthaka ya makomboni, ndipo ngakhale mgodi unatsekedwa mu 1994, fumbi lake likulowabe m'magazi a ana kufikira lero.

Tsono tibwere kwathu, pakuti apa ndipo pagona nkhani. M'dziko la Nkomeshya mulibe ng'anjo ya mkuwa, ndipo utsi umene umalowa m'chifuwa cha mwana wa ku Chongwe suchokera kwenikweni pa chumuni yokhala ndi chiphaso. Kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba thambo limachita chifunga, dzuwa limalowa lofiira lisanafike pa phiri, ndipo chochititsa ndi moto wa kutchire, wina woyatsidwa ndi osaka mbewa, wina ndi ofuna msipu watsopano, wina ndi osafuna kuvutika ndi mapesi a m'munda. Onjezanipo mauvuni a makala ofuka usana ndi usiku m'mapiri, mmene mitengo ya mombo ndi mtondo imanyeka pansi pa dothi masiku ambiri, ndipo pa makilogalamu 100 a nkhuni pamatuluka makala osapitirira 25, kawirikawiri ochepera pamenepo, chotsalacho n'kukwera kumwamba. Onjezaniponso mauvuni a njerwa, maenje a zinyalala mmene mapulasitiki amanyeka madzulo alionse, malole okalamba okwera mtunda ndi utsi wakuda, ndi fumbi la misewu yopanda phula. M'miyezi ya chisanu, Juni ndi Julayi, mpweya wozizira umagona pansi m'madambo usiku, wofunda n'kukhala pamwamba pake ngati chivundikiro pa mphika, kotero kuti utsi wa m'mawa sukwera, koma umayenda chokwawa pakati pa nyumba pa nthawi yomwe ana akupita ku sukulu. Ndipo popeza mphepo ya chilimwe imaomba kuchokera kum'mawa, utsi wathu umatsata msewu womwe makala athu amatsata, wopita ku Lusaka.

Woipa kopambana ndi wa m'khitchini. Mayi amene aphika pa mafuwa atatu m'kanyumba kopanda zenera, mwana ali kumsana, amapuma utsi wopyola muyeso wa WHO nthawi zambirimbiri, ndipo amatero m'mawa ndi madzulo kwa moyo wake wonse. Pa imfa 7 miliyoni zija, pafupifupi 3 miliyoni ndi za utsi wa m'nyumba. Ndipo lekani ndichenjeze za mbaula. Makala akamayaka m'chipinda chotsekedwa amatulutsa kaboni monokisaidi uja, umene umagwira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino koposa ka 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo tokoma, ndipo banja lonse likhoza kupezeka m'mawa litagona osadzukanso. Mbaula isagone m'nyumba, ingakhale itaoneka ngati yazima, ndipo mukapeza munthu atakomoka motero, mutulutseni panja msanga ndi kuthamangira naye ku chipatala.

Kodi ZEMA ingapereke chiphaso kwa mbaula iliyonse, kapena kutumiza woyendera kwa mnyamata aliyense wa machesi m'thumba? Singathe, ndipo lamulo silinaisenzetse katundu yense yokha. Za mitengo ndi makala zili m'manja mwa Dipatimenti ya Nkhalango, mwa lamulo la 2015, limene limafuna chilolezo pa kuotcha makala ndi pa kuwanyamula, ndiponso limalola midzi kutenga nkhalango zawo ndi kuziyang'anira zokha mwa pangano ndi boma. Za zinyalala za m'nyumba ndi m'misika zinapatsidwa kwa makhonsolo mwa lamulo la 2018. Mutu umodzi susenza denga, inde. Koma tidziwanso kuti denga la anthu ambiri limagwa pamene aliyense ayesa kuti mnzake ndiye wagwiritsa, ndipo munthu wodandaula za utsi akhoza kutha nsapato akutumizidwa kuchoka pa ofesi ina kupita pa ina.

Sindifuna kuti wina amve ngati ndikuimba mlandu wootcha makala. Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi anayamba kuzima mpaka maola 20 ndi kupitirira pa tsiku, ndipo mabanja a m'tauni amene anali kuphika pa sitovu anatembenukira ku mbaula pa nthawi yomweyo imene mlimi wa kuno, chimanga chake chitapserera m'munda, analibe china chogulitsa koma mtengo. Munthu wotere mukamuuza za PM2.5 adzakuyang'anani ndi kukufunsani chimene ana ake adye usiku uno, ndipo funso lake ndi lolungama. Mzinda wa London unakumana ndi zofanana. Mu Disembala 1952 chifunga cha utsi wa malasha a pansi pa nthaka, ochokera m'mafakitale ndi m'nyumba za anthu wamba, chinaphimba mzindawo masiku asanu, ndipo anthu ngati 4,000 anawerengedwa kuti afa m'masabata oyamba, ofufuza a pambuyo pake n'kupeza kuti anali ochuluka kuposa apo. Lamulo la 1956 limene linatsatira silinangoletsa utsi ayi: linapatsa makhonsolo mphamvu yopatula madera osafukiza, ndipo boma linathandiza eni nyumba ndi ndalama zosinthira mbaula zawo. Chiletso chopanda cholowa m'malo chikadangodzaza ndende. Kwa ife tanthauzo lake ndi lakuti mtengo wa gasi, kudalirika kwa magetsi, mbaula zosatha makala ndi ngongole ya mlimi wofuna kuthirira dimba m'malo mwa kudula mtengo, zonsezi ndi malamulo a mpweya, zingakhale sizilembedwa ku ZEMA.

Pali ulamuliro wina umene umafika kumene galimoto ya boma sifika. Chaka ndi chaka, mvula ili pafupi, Asoli amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Yaikulu imapempha mvula ndi kubzala mbewu zoyamba m'munda wachifumu, kusonyeza kuti ntchito ya m'munda ili ndi nthawi yake ndi woiyambitsa wake. Makolo sanali kuyatsa tchire aliyense pa tsiku lake. Munali mawu a mwini mudzi, udzu wofolera unali kuyamba wamwetedwa, manda ndi nkhalango za mizimu zinali kulambulidwa m'mbali, ndipo woyatsa moto wolusa anali kulipa. Alangizi a nkhalango amaphunzitsa chofanana ndi chimenecho, kuti ngati tchire liyenera kupsa lipse msanga, cha mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, pamene moto uli wofatsa ndipo suwononga mitengo yaing'ono, kusiyana ndi moto wa Okutobala umene umanyambita zonse. Ndipo pa Kasisi pompa, sukulu ya zaulimi imene Ajezuiti anaiyamba mu 1974 yakhala ikuphunzitsa alimi kuti mapesi ndi chakudya cha nthaka, oyenera kuphimbira munda kapena kuwola m'dzenje la manyowa. Mwini mudzi mmodzi wolimba mtima, amene anena pa msonkhano kuti m'mudzi muno mapulasitiki satenthedwa ndipo tchire silipsa mfumu isanalole, akhoza kuyeretsa mpweya wa anthu ake koposa kalata iliyonse yochokera ku likulu.

Ngakhale zitatero, mphepo sidziwa malire a mfumu kapena a dziko. M'chaka cha 2000 akatswiri a maiko ambiri, pa kafukufuku wotchedwa SAFARI 2000, anayeza mlengalenga mwa kumwera kwa Africa ndi ndege ndi makina a m'thambo, ndipo anaona utsi wa moto wa kutchire wochokera ku Zambia, Angola, Congo ndi maiko oyandikana ukuyenda mtunda wa makilomita zikwizikwi kukatulukira pa nyanja ya Indian Ocean. Mu 2008 maiko a SADC anakumana mu Lusaka momwemu n'kugwirizana mfundo za kuchepetsa utsi wa magalimoto, wa mafakitale, wa moto wa kutchire ndi wa m'nyumba. Kwina anafika pakuika bungwe limodzi loyang'anira chigwa chonse chimene mpweya wake umasakanikirana, monga anachitira ku Los Angeles mu 1977 pophatikiza maboma anayi. Lusaka, Chongwe, Chilanga ndi Kafue ndi mphika umodzi wa mpweya, ndipo ndiyesa kuti nthawi idzafika yakuti aziyezedwa ndi kulamulidwa pamodzi. Masiku ano kuli timakina tating'ono toyezera PM2.5, totsika mtengo, toyendera dzuwa, timene tingaikidwe pa denga la sukulu kapena la chipatala. Timakinati sitiyeza molondola ngati makina aakulu a boma, koma timatha kusonyeza kuti mwezi uti ndi ora liti mpweya waipa. Ndikadakonda kuti khonsolo yathu, yunivesite ya Chalimbana ndi ZEMA agwirizane pa chimenechi, ndi kuti muyeso wa mpweya uziwerengedwa pa wailesi m'mawa pamodzi ndi za nyengo, kuti mayi wa mwana wa mphumu adziwe tsiku lomusunga m'nyumba.

Potsiriza, kwa inu amene muli ndi dandaulo lero lino, chifukwa cha fumbi la kwale, utsi wa fakitale kapena dzala lonyeka pafupi ndi nyumba zanu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pitani ndi umboni m'manja. Tengani kope la sukulu, ndipo tsiku lililonse limene utsi wafika lembani deti, ora, mbali imene mphepo ikuchokera, fungo lake ndi amene adwala. Jambulani ndi foni ngati muli nayo. Wodwala apite ku chipatala, ndipo muuzeni dokotala za utsiwo kuti zilembedwe pa khadi lake. Kambiranani ndi mwini mudzi ndi khansala wanu, lembani kalata imodzi yosainidwa ndi ambiri, ina ipite kwa woyang'anira zaumoyo ku khonsolo ndi ina ku ZEMA, ndipo inu musunge yanu yodindidwa tsiku limene yalandiridwa. M'kalatamo funsani zinthu ziwiri mwachindunji: ngati malowo ali ndi chiphaso chotulutsira utsi, ndi zimene zinalembedwa m'kalata yowaloleza kumanga. Mwezi ukatha popanda yankho, lembaninso, ndipo mutchule deti la kalata yoyamba ija.